Mtovu Sugwira Mtanda

Bambo anga anali mkamwini. Kwawo kunali ku Macanga, kufupi ndi Furancungo, koma ukulu wawo wonse anaudyera kwa amayi, m'mudzi wa kuseri kwa Ntengo-Wambalame, kumene ankalima mbatatesi ndi nyemba pa munda umene sunali wawo. Sanali munthu wa mowa kapena wa bawo. Matenda awo anali zitini. Akaweruka kumunda ankakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, n'kukoleza makala m'mbaula, n'kuikamo kachitsulo kawo ka mutu wa mkuwa. Kakatentha ankakagunditsa pa mtovu, mtovuwo n'kusungunuka ngati mafuta, iwo n'kumata nawo chilichonse chodontha: ndowa, makeni othirira kudimba, nyale zotaya parafini. Zitini za nsomba ankazisandutsa makoloboyi. Sankagulitsa ayi. Ankangopatsa anthu, ndipo pena ankachita kukupempha kuti uwabwereke ndowa yako yobooka.

Amayi ankawaseka mosabisa. "Abambo ake mwana, inu zanu n'zomata basi. Tsiku lina mudzamata ndi mitambo yomwe, mvula ileke kudontha, tife ndi njala." Bambo ankangomwetulira, maso ali pa chitini. Mawu amenewo, akuti zanu n'zomata, ndinawamva kuyambira ndili kamtsikana mpaka nditakwatiwa, ndipo sindinamvepo bambo akuwayankha.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala pang'ono chabe. Kwathu mkazi akamwalira, mwamuna sakhalitsa pamudzi. Abale a mkazi amamusudzula, iye n'kubwerera kwawo. Amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba, sanali munthu wouma mtima. Anati bambo akhale kaye, akolole mbewu zawo, adikire mpaka timange chiliza pa manda a amayi, ndiye adzanyamuke. Bambo sanatsutse. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti mtanda wa pa chilizacho apange iwo ndi manja awo. Ine ndinamvetsa. Munda, nyumba ndi mtengo wa mapichesi uja zinali zotsala, ndipo zonsezo anthu akanazitcha za kwa amayi. Mtanda wokhawo ndi umene akanamaloza n'kunena kuti uwu anasiya ndi mwamuna wake.

Anamasula kama wachitsulo amene ankagonapo ndi amayi, iwo n'kumagona pamphasa. Anacheka zitsulo zake, kuzipala ndi tupa mpaka kuyera, kupinda tizidutswa tina kuti tioneke ngati masamba a nyemba, kenako n'kulumikiza zonse ndi mtovu monga ankachitira ndi zitini. Chitsulo cha kama n'chochindikala, sichinkalola kutentha, choncho mtovu ankangouunjika wambiri n'kuusalaza bwinobwino. Mtandawo unakongola, sindinama ayi. Polumikizira ponse pankanyezimira ngati siliva, ndipo anthu odutsa ankaima kuti auone.

Kutatsala masiku ochepa kuti timange chiliza, amalume anabwera kudzauona. Iwo ndi mlimi, ndipo mlimi akagwira chinthu amachigwedeza, monga amachitira ndi mpini wa khasu pamsika. Anaugwira mkono umodzi, n'kugwedeza. Mkonowo unatsalira m'dzanja lawo, timasamba tija n'kuyoyokera pansi.

Amalume anayang'ana chitsulo chija ngati munthu amene waponda mwanapiye wa eni. Kenako anati, "Alamu, pepani. Musadzivutenso, tikagula wa simenti ku Tsangano, ilipo yambiri kumeneko." Ananena mwachifundo, ndikudziwa, koma ine ndinawakwiyira tsiku lonse, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Bambo anatola timasamba tija kamodzikamodzi n'kutiika m'thumba la malaya. Tsiku limenelo sanalawe kanthu.

M'mawa mwake anati, "Mwanawe, undiperekeze kwathu." Ku Furancungo kunali msuweni wawo, mdala wokonza njinga zakapalasa ndi zamoto kuseri kwa msika. Iye anali ndi mabotolo a gasi ndi masariko, kapaipi kotulutsa lawi lakuthwa lolira fuu. Tinakulunga zidutswa zonse m'chiguduli, n'kukwera chapa, kaminibasi ka kwathuko, tikumwa fumbi njira yonse.

Asuweni aja atamasula chiguduli anaseka mpaka kutsokomola. "Epa, asuweni! Mwakalamba ndi nzeru za zitini! Kama yenseyu mumati agwire ndi mtovu? Bwanji simunangomata ndi phala?"

"Sekani," anatero bambo. "Mukatha kuseka mundiuze chimene chalakwika."

Anawauza, ine ndikumvetsera. Mtovu umasungunuka ndi moto wochepa, chitsulo chisanamve n'komwe kuti kwatentha. Pa chitini umakwana, chifukwa ntchito yake ndi kutseka madzi, ndipo pamenepo palibe wouposa, poti moto waukulu ungangopsereza chitinicho. Koma ndi wofewa, ukhoza kuudinda ndi chikhadabo. Pa chitsulo chochindikala, chimene chidzakankhidwa ndi mphepo, ndi anthu, ndi ng'ombe zodzikanda, pamafunika mkuwa wachikasu. Umenewo sumvera kachitsulo kootcha pa makala. Chitsulo chenichenicho chiyambe chafiira ngati phwetekere wakupsa, upakepo ufa woyera wochotsa litsiro, ndiye mkuwa ukachikhudza umayenderera wokha n'kudzaza mpata wonse wa pakati.

"Bweretsani kuno, ndikuwotchererani pompano, madzi asanawire pamoto," anatero asuweniwo.

Bambo anakana. "Mukawotcherera inu, ndiye kuti mwapanga ndinu. Nanga ine ndikanena chiyani kwa alamu anga? Ndiphunzitseni."

Asuweni anasiya kuseka. Anati ngati ndi choncho, ayambe achotsa mtovu wonse, pasatsale ngakhale kadontho, chifukwa pamene pali mtovu mkuwa sugwira. Apa ndi pamene ndinawamvera chisoni kwambiri bambo anga. Anakhala pa tayala lakutha tsiku lonse, kupala ndi tupa ntchito yawo yomwe, yosalala ija, imene anaitayira miyezi. Fumbi lonyezimira linkagwera pa nsapato zawo. Nditati ndiwathandize, anandikaniza tupa.

Kutacha anayamba kuphunzira pa zidutswa za njinga zakufa. Manja awo anali atazolowera zina. Zaka zonsezo ankasungunula mtovu n'kuupaka, ndiye apanso ankalozetsa lawi pa ndodo ya mkuwa. Mkuwawo unkasungunuka n'kugwera pa chitsulo chozizira, kupanga timibulu ngati ta mbuzi, toti ukatikhudza tikugubuduka.

"Usiyeni mkuwawo!" ankakuwa asuweni. "Tenthetsani chitsulo, ndicho chiusungunule. Mukuthamangira kuti, a zitini inu?"

Pofika masana anayamba kuzigwira. Koma ataika mtanda weniweni patsogolo pawo, lawi linayamba kuvina uku ndi uku. Ndinadziwa kuti si ukalamba wokha. Asuweni anaimirira kumbuyo kwawo. Sanagwire masariko ayi, anangoika chikhatho chawo pansi pa chigongono cha bambo. Chitsulo chinada, kenako chinafiira, bambo n'kugunditsa ndodo, ndipo ndinaona ndi maso angawa mkuwa ukuthamanga ngati madzi n'kumira pakati pa zitsulo ziwirizo. Bambo anapuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

Kunena zoona, mtanda wachiwiriwu sunakongole ngati woyamba. Polumikizira panali zotupa zachikasu, pena mkuwa utachuluka, pena utayenderera m'mbali, ndipo timasamba tina tinapsa n'kutayika. Asuweni anati aupente wonse kuti zibisike. Bambo anapenta chitsulo chokha, zachikasuzo anazisiya poyera.

Tsiku la chiliza abale a amayi anadzaza kumanda. Tisanauzike mu simenti, bambo anaunyamula n'kupita nawo pamene panaima amalume. "Alamu, gwedezani."

Amalume anazengereza. "Iyayi alamu, taona kale kuti uli bwino."

"Gwedezani, ndatero. Monga munachitira tsiku lija."

Anagwedeza pang'ono, mwamantha. Kenako anauponda kumunsi n'kukoka mkono ndi mphamvu zawo zonse za kumunda, mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Mtanda sunamve kanthu. Amalume anaubweza ndi manja awiri, atawerama, ulemu umene sindinawaonepo akupereka kwa mkamwini.

Abale a amayi anawasudzula bambo mawa lake, mwamtendere, popanda mawu oipa. Katundu wawo anali wochepa: thumba la zovala, mbaula ija, ndi bokosi la zida. Ine ndinasenza bokosilo kuti ndiwaperekeze kokwerera chapa, ndikudziwa kuti pansi pa mapichesi sipadzafukanso utsi. Kwathu kumanda sulowa wopanda chilolezo, koma amalume anali atawauza okha kuti adzereko. Pa mphambano anapatuka, ine ndikuwatsata. Simenti inali isanaumitsitse. Ndinaima chapatali kuti ndiwapatse mpata, komabe ndinamva. Anavula chipewa, anapukuta fumbi pa chotupa chachikasu cha pakati ndi chala chachikulu, n'kunena motsitsa, ngati akuyankha munthu amene wawaseka kumene:

"Amake mwana, uwu sindinamate ayi."