Anyezi Wogona mu Firiji ya Alamu

Tsiku limene anamuthamangitsa pamsewu, mtsikana wogulitsa maluwa anafika kwa achemwali ake chimanjamanja. Maluwa anali atapondedwa, ndowa italandidwa. Mayeso anali atalephera kale, makolo analibe. Anamupatsa kachipinda kosungiramo makireti kuseri kwa golosale ya alamu ake, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera phiri kukaphwanya miyala.

Kuphiriko ndi kumene anakumana nalo. Pamng'alu wa thanthwe panali duwa la mtundu wa pepo, lobulungira ngati kampira, lopangidwa ndi timaluwa tambirimbiri tonga nyenyezi. Atafikisa tsamba lake, linanunkha anyezi. Mtima unagunda ngati wa munthu amene waona chibwenzi patali. Anafukula timitu take tochepa tonga ta anyezi, tina n'kutisiya kuti mbewu isathe, ndipo sanauze munthu za malowo.

Anapita ndi duwa limodzi kwa mayi wina wa sitolo ya maluwa. Mayiyo analitembenuza kangapo, kenako anati, “Lothyola kutchire sindilifuna, lidzatha. Ukalidzala wekha n'kulibweretsa likuphuka, tebulo la pakhomoli ndi lako.”

Tebulo lakelake, pansi pa denga, popanda womuthamangitsa! Anabwerera akudumphadumpha.

Koma chikondi chinamuwonongetsa. Anadzala timituto m'dothi lakuda la manyowa, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo ngati akulera khanda. Tonse tinaola. Analira, kenako anakumbukira kuti kwawo kwa duwali ndi pamiyala, padzuwa, pamene madzi sakhalitsa. Anatenga timitu tina, anaboola zitini kunsi, nasakaniza mchenga, timiyala ndi dothi pang'ono. Ulendo uno masamba anatuluka obiriwira bwino, koma duwa ayi.

Anthu anayamba kumutchula Mai Anyezi. Alamu ake ankauza makasitomala kuti m'nyumbamo muli mlimi wodzala ndiwo zosadyeka, ndipo tsiku lina anamuuza mosabisa kuti kachipindako akukafuna. Chaka chikatha asanapeze ntchito yeniyeni, aone kolowera.

M'mawa wina ali paphiri, zala zitauma ndi chisanu, ganizo linamubwerera: kuno kumazizira, kutauni kumatentha. Mwina anyeziyu saphuka asanagone m'chisanu. Anakulunga timitu touma m'pepala, n'kutibisa mu firiji ya alamu, kuseri kwa mabotolo a zakumwa. Kasitomala akatsegula firijiyo, iye mpweya unkamuthera.

Patapita milungu ingapo, anapeza achemwali ake kukhitchini, mpeni m'manja, kamutu kamodzi atakadula kale pakati. Ankadandaula kuti anyezi wa masiku ano ndi wamng'ono ngati mabatani. Mtsikanayo anagwira mkono wa mpeniwo n'kuulula zonse. Achemwali anaseka mpaka misozi, koma anatibweza okha timitu totsalato, ndipo amuna awo akafunsa ankangoti ndi mankhwala a chifuwa.

Nthawi itakwana anadzala, nsonga ikuloza kumwamba, kuya kwake ngati utali wa chala. Anaika zitini padzuwa, ndipo ankathirira pokhapokha dothi likauma. Masamba anatuluka, anakula, kenako anayamba kufota, n'kusanduka achikasu.

“Basi Mai Anyezi, maliro achitika,” anatero alamu, atanyamula kale chitini chimodzi kuti akataye.

“Alamu, yang'anani pakatipo kaye.”

Pakati pa masamba ofotawo panali kaphesi kowongoka, kumutu kwake kuli kathumba kotsekeka. Kuphiri iye anali ataona kuti anyeziyu amayamba kutaya masamba duwa likamabwera. Alamu anatsitsa chitini pang'onopang'ono. Mawa lake anawapeza atanyonyomala pamenepo, akulonda kathumbako ngati kawo.

Kanang'ambika m'mawa wina kutangocha. Tinyenyezi tinatuluka kamodzikamodzi mpaka mpira wonse unadzaza, njuchi zikuuzungulira. Mtsikanayo anasenza zitini m'kireti, nadutsa pamsewu wodzaza anthu, ena akumuimitsa kufunsa ngati maluwawo ndi apulasitiki. Mayi wa sitolo anawerama, ananunkhiza, anagwira dothi kuti atsimikize kuti muli mizu. Kenako anachotsa yekha katundu patebulo lija.

“Khala apa, mwanangu. Ndipo usandiuze kumene unalipeza.”

Lero Mai Anyezi ali ndi dimba lake, ndipo dzina lachipongwe lija analilembetsa pachikwangwani. Amauza wogula aliyense kuti madzi achepe, dzuwa lichuluke, ndipo masamba akafota asawadule mpaka ataumiratu, chifukwa ndiwo amadyetsa mutu wa chaka chamawa.

Inu amene mukuwerenga, mwina zanu zaola kamodzi, mwina zangotulutsa masamba, mwina pano zikuoneka ngati zauma ndipo wina wanyamula kale chitini chanu. Musavomere msanga kuti zatha. Funsani chimene chasowa, sinthani dothi, dzalaninso. Mtima wanu musautaye, ugwireni ndi manja awiri.