Nyalugwe wa a Bulashi

Alamu anga ankajambula zithunzi za m'mabuku a ana aang'ono: njovu, akadzidzi, ana osochera m'nkhalango. Mumsewu wathu aliyense ankawatcha a Bulashi. Ankagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri, patebulo lochirikiza ndi njerwa, pafupi ndi zenera. Ntchitoyi sanalemere nayo. Anangopindika nayo msana.

Anali ndi lamulo limodzi. Chithunzi chikauma, sankaonetsa munthu wamkulu.

"Akuluakulu ndinu abodza," ankatero. "Mumayamikira ndi mbuzi ya miyendo isanu yomwe."

Ankaitana mwana amene sanayambe kuwerenga n'kumufunsa kuti ichi n'chiyani. Mwana akatchula nyamayo, pepala linkapita kosindikiza. Akaphonya, ankaling'amba. Ana awo onse anadutsa pamenepo, kenako adzukulu.

Chaka chatha maso anayamba kuchita ng'ala. Mkonzi wa mabuku anawapatsabe buku lina, la kamtsikana kothawa nyalugwe paphiri, koma anawauza mosabisa kuti zithunzi zikapanda kuoneka bwino, ntchito apatsa achinyamata a pakompyuta.

Anajambula nyalugweyo mphuno ili pafupi kugunda pepala. Ine ndinalipo tsiku limene anaitana mdzukulu wawo wamng'ono.

"Iwe, ichi n'chiyani?"

"Galu wa mphere, agogo."

Ndinaseka. "Alamu, mwana wanena. Kagulireni galu wanu mankhwala."

"Inu khalani chete, simutha kujambula ngakhale dzira."

Anang'amba. Anajambula wina, mwana anati mphaka wonyowa. Winanso, galu yemwe uja. Madzulo ankagona osavula nsapato.

Mwana wawo wamkazi, mayi wa kamdzukuluko, anatopa nazo. Anakakokera kukhitchini n'kukanong'oneza. Mawa lake a Bulashi ananyamula pepala latsopano.

"Ichi n'chiyani?"

"Nyalugwe," kanatero kamwanako msangamsanga.

A Bulashi anayang'ana kamwanako. Mawanga papepala sankawaonanso bwino, koma mutu wa mwana ankauona. Unali utatembenukira kwa amake, osati kuchithunzi.

"Wamuuza ndiwe," anatero kwa mwana wawo wamkaziyo.

"Bambo, mwatopa. Tumizani basi, ndani adziwe?"

"Mwana wa eni akatsegula buku, iwe udzakhalapo kuti umunong'oneze?"

A Bulashi anatsuka mabulashi limodzilimodzi, anawapukuta, n'kuwamanga ndi mphira. Kenako anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa mkonzi, poti kuwoloka msewu okha sankathanso. Kumeneko sanakhale n'komwe pampando. Anabweza nkhaniyo n'kunena kuti apatse ena.

Buku linatuluka. Nyalugwe wake ndi wosalala ngati sopo. Kamdzukulu kanamutchula kamodzi n'kamodzi, osayang'ana munthu. A Bulashi anangogwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti ali bwino.

Masiku ano amakhala pakhonde, nsapato zili chosamanga. Tebulo lija amasitirapo zovala. Njerwa ikadali pomwepo.