Pikapu ya Aneba Pakhomo Panga

Aneba anga ali ndi pikapu yonyamulira nsomba ku Senga Bay, ndiponso bwalo lalikulu. Koma saimika pabwalopo ayi, ati fungo la usipa limawadwalitsa mutu akazi awo. Amaimika mumsewu, pakhomo panga penipeni, moti njinga yanga ndimaitulutsa nditaisenza. Galimoto ndi yawo, ntchentche ndi zanga.

Ndikadandaula amangoliza makiyi. "Achimwene, tinavota. Msewu ndi wa aliyense tsopano."

Kukhonsolo ndinapitako kawiri. Anabweradi munthu mmodzi, koma anabwerera atakwera kutsogolo, chambo ziwiri zili m'manja.

Mwezi watha kunabwera alendo kudzafunsira mbeta mwana wa mlongo wanga, poti malume wake ndine. Wamkulu wawo anaizungulira pikapuyo, n'kundipatsa moni ndi manja awiri. "Bambo, pakhomo pano Mulungu wadalitsa."

Aneba anali pakhonde pawo, akumva zonse. Ndinkangodikira kuti andiyalutse. Iwo anayandikira, n'kuvula chipewa. "Bwana, ndiisunthe?"

Ndinati aisiye.

Galimoto anandiposa kale. Tsopano andiposanso mtima, ndipo chimenechi ndiye sindidzawakhululukira.