Amayi Kutsogolo kwa Mpingo

Chaka chatha, nyengo ija kunja kumayamba kuda tisanaweruke n'komwe, aphunzitsi a mbiri anatipatsa ntchito yoti aliyense akambe za munthu mmodzi amene anatsutsana ndi akuluakulu a tchalitchi kalekale kuno ku Scotland. Ine anandigawira mlaliki wina wachinyamata. Ankaphunzitsa kuti munthu amapulumuka ndi chikhulupiriro, osati ndi ntchito zimene ansembe amulamula. Mabishopu anamuitana kuti abweze mawu akewo. Sanabweze, ndipo anamuotcha. Akuti nkhuni zake zinali zonyowa, moto unkangozimazima.

Nkhaniyi ndinkaiyeserera m'khitchini mwathu ku Maryhill, amayi ataviika mapazi m'beseni la madzi ofunda. Amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo masiku amenewo shifiti yawo inkagwera Lamulungu kawirikawiri.

Mpingo wathu wa Amalawi umakumana masana ku Govan, dera lina la mumzinda uno, m'holo yobwereka, eni ake akatha mapemphero awo. Akulu a mpingo anagamula kuti amene wajomba kwambiri asadye Mgonero mpaka ataimirira kutsogolo n'kupepesa, monga amachitira kwathu pobweza munthu wa pachilango. Uthengawo anabwera nawo ndi mkulu wina, bambo aulemu ogwira ntchito zamakompyuta, amene Loweruka ndi Lamulungu amapuma. Anamwa tiyi, anapemphera, n'kumapita.

"Amayi, musakapepese," ndinatero. "Mwalakwa chiyani? Mlaliki ujatu sanagonje."

"Mlaliki wakoyo anali ndi ana angati?"

"Sindikudziwa."

"Kafufuze kaye. Tandipatsira thaulolo."

Sindinasiye. Ndinawauza kuti matchalitchi ndi ambirimbiri mumzinda muno, atha kulowa pena paliponse. Anandiyang'ana ndi maso ofiira ndi tulo.

"Iwe mwana, sabata yonse ndimakuwa Chingelezi m'makutu mwa agogo osamva. Ku Govan n'kokhako kumene munthu amandifunsa kuti mwadzuka bwanji. Ndikafera kuno, nyimbo zathu adzandiimbira ndani? Mlongo wakoyu, woti ukamuitana amayankha ngati woyendetsa basi?"

Mlongo wanga wamng'ono anatulutsa mutu pachitseko n'kufunsa, m'Chingelezi chake cha kuno, ngati akunena iyeyo.

Lamulungu la Mgonero kunali mvula yowaza, ija yosatha. Amayi anali ndi shifiti ya madzulo, choncho anavaliratu yunifolomu ya kuntchito, n'kumanga chitenje pamwamba. Ndinakhala kumbuyo, manyazi atandigwira. Amayi ataitanidwa anayenda pang'onopang'ono, nsapato zawo zampira zikulira pansi, n'kuimirira manja ali pamodzi.

"Abusa, akulu a mpingo, ndi inu nonse, ndapepesa chifukwa chosowa pakati panu. Mundikhululukire." Kenako anadzutsa mutu. "Koma ndisakunamizeni m'nyumba ya Mulungu. Sabata la mawa ndili kuntchito, linalo ndilinso kuntchito. Agogo aja sasiya kudya Lamulungu."

Mayi wina wa kwaya, namwino wa kuchipatala chachikulu cha mumzinda muno, anati "Eee" mokweza, kenako n'kudzigwira pakamwa. Bambo amakompyuta aja anayang'ana abusa. Abusa anayang'ana pansi, ine n'kuganiza kuti basi, awakaniza Mgonero. Kenako anatsokomola n'kunena kuti mpingo wamva, mayi akhale pansi. Za lamulo lija sananene kanthu, ndipo mpaka lero lilipobe.

Mbale itafika pamzere wawo, mkulu woperekera anaima kaye, ndiye n'kuwapatsa. Amayi anatenga kachidutswa kawo ka mkate.

Nyimbo yomaliza sanaidikire. Anadutsa pamene ndinakhala, akumasula chitenje, n'kundiponyera pamiyendo.

"Ukachiyanike pahita yotenthetsera m'nyumba. Ndipo mlongo wakoyo asadye mabisiketi okhaokha."

Ndinawaona pawindo akuthamangira basi, chikwama chili pamutu.