Tsiku Limene Mayi Makiyi Anathetsa Mzere

Taganizirani m'mawa wamba pasukulu ya atsikana yogonera konko. Belu loyamba silinalire. M'bafa madzi akusefukira, wina akusaka sokosi imodzi, wina akulumbira kuti sopo wake wabedwa ndi mnzake wa bedi lapamwamba. Kenako kumapeto kwa khonde kukumveka kulira kwa makiyi, ndipo phokoso lonse lija langoti zii. Akubwera Mayi Makiyi.

Mayiwa anali atayang'anira atsikana ogonera pasukulupo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Makiyi a zipinda zonse ankawakoleka pa lamba m'chiuno, ndiye kunachokera dzinalo. Amuna awo anali atamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo ankakhala okha m'kanyumba ka sukulu kuseri kwa khitchini.

Atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu, thupi linawatembenukira. Kusamba kunayamba kudumpha miyezi, kenako kunalekeratu. Kutentha kunkawagwera mwadzidzidzi ngati wina wawatsegulira uvuni kumaso, thukuta kamukamu ngakhale kunja kukuzizira. Mimba nayo inatsogola. Pa lamba uja anaboolapo bowo lina, kenako linanso, ndipo zipi ya siketi inkathera panjira, n'kumaigwiriza ndi pini.

Thupilo analikwiyira ngati mwana wosamva. Anasiya kudya m'mawa. Anagula tiyi wochepetsa thupi kwa mphunzitsi wina, tiyi amene anangowathamangitsa kuchimbudzi sabata yathunthu. Anamanga mimba ndi nsalu mpaka kumapuma mobanika. Koma akakwera sikelo ya kukhitchini ophika atatuluka, muvi unkangoloza pomwe paja.

Tsono pasukulupo panali chizolowezi china. Tsiku lachiwiri la teremu iliyonse atsikana ankafola mzere m'khonde, malaya atakwezedwa, Mayi Makiyi n'kumadina mimba ya aliyense ndi zala, kufufuza amene wabwera ndi pakati. Anzawo ankaonerera. Mayiwo mzerewo anachita kuupeza, ndipo ankangoti ndi ntchito.

Tsiku lotsegulira teremu ina, aphunzitsi aakulu anawaitanira muofesi. Anapezamo wapampando wa komiti ya makolo, bambo amene mabatani a shati yawo ankachita kupempha chifundo chifukwa cha kukula kwa mimba.

"Khalani, mayi," anatero aphunzitsi aakulu, maso ali patebulo. "Makolo akudandaula."

"Akudandaula chiyani? Nyemba zija?"

Wapampando anatsokomola. "Akuti thupi lanu lasintha. Ophika akuti m'mawa simukudya, mukungotuluka thukuta. Ndiye poti amuna anu anatisiya kalekale... mukudziwa inu, ana amatengera zimene akuona."

Mayi Makiyi anawongoka pampando.

"Mukuti ndili ndi pakati? Ineyo?"

"Sitinatero ife," anatero wapampando. "Koma kuti pakamwa pa anthu patsekeke, mawa kukubwera anesi kudzathandiza pamzere. Akuoneni inunso pomwepo. Mukakana, komiti iganiza zopeza wina."

"Nanga mimba yanuyo, bambo, ndi ya miyezi ingati? Mawa mufola nawo?"

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa. Koma mkwiyo sulipira ntchito, ndipo iwo ankadziwa kuti ntchito ikatha, kanyumba kajanso kapita. Zaka zonsezi akutsuka masanzi a ana a eni, akuperekeza odwala kuchipatala, lero akaonetse mimba ngati mbuzi yapamsika!

M'mawa mwake mzere unafola. Nkhani inali itafika kale m'makutu mwa atsikana, ndipo ena ankasekera m'manja. Anesi, mayi wamsinkhu womwewo, anaika chikwama pampando. Mphunzitsi amene anatumidwa kudzakhala mboni anati, "Tiyambe ndi inu, mayi. Pompano, kuti aliyense aone, tisamadzamvenso zina."

Mayi Makiyi anagwira m'munsi mwa bulauzi. Kutentha kuja kunawakwera kuchokera pachifuwa mpaka m'makutu. Pamenepo maso awo anagwera pa mtsikana woyamba pamzere, wa fomu wani, wobwera dzulo lomwelo. Anali atakweza kale malaya, maso ali kudenga, akudikira kuti zingotha. Nkhope yotereyi inali itadutsa pamaso pawo mazanamazana, koma iwo ankangoyang'ana pamimba.

"Tsitsa malayawo, mwanangu," anatero. Kenako anakuwa mpaka khonde lonse linayankha: "Tsitsani malaya nonse! Kukalasi!"

"Mayi, lamulo likuti..."

"Lamulolo likweze malaya ake. Anesi, tiyeni."

Analowa nawo m'chipinda cha odwala, n'kukhoma chitseko mboni ili kunja. Anesi anawapima, anawafunsa za miyezi, za tulo, za thukuta. Kenako anatulutsa m'chikwama kachidutswa ka katoni n'kuyamba kudzikupiza.

"Mukuona aka, achemwali? Inenso ndili momwemo. Mulibe mwana umu. Mwafika posiya kusamba, basi. Mafuta amasamukira pamimba, kutentha kumabwera n'kupita."

"Ndiye bwanji palibe anandiuzapo?"

"Amatiuza za kuyamba kokha. Za kusiya amangoti mudzaona. Masulani nsalu imeneyi musanakomoke, tiyi uja mukathire maluwa. Muzidya m'mawa, shuga muchepetse, masamba muchulutse, ndipo muziyenda mpaka mtima uzigunda. Thupi la pa ukwati wanu lija musalidikire, koma ili mukhoza kuliweta. Kutentha kukanyanya mubwere, mankhwala alipo."

Mayi Makiyi anatenga kapepala ka zotsatira kamene anesi analemba n'kulunjika kuofesi, osagogoda. Anakaponya patsogolo pa wapampando.

"Werengani mokweza, kuti ophika amve. Ndipo pepala limeneli ndi lomaliza. Mimba ya mwana wa munthu sindidzaidinanso m'khonde. Amene akukayikitsa azionana ndi anesi chitseko chili chotseka. Ngati mukufunabe mzere, makiyi ndi awa."

Anamasula lamba n'kuwaunjika patebulo. Aphunzitsi aakulu anayang'ana muluwo: makiyi makumi awiri ndi atatu, ofananafanana, opanda chizindikiro chilichonse. Wodziwa kiyi wa sitolo, wa thanki ya madzi ndi wa geti anali mmodzi yekha, ndipo chakudya chamasana chinali chisanatulutsidwe. Anawakankhira makiyiwo kwa mwiniwake mwakachetechete.

Palibe anapepesa, ndipo mayiwo sanaiwale. Wapampando akabwera kumsonkhano, mayiwo ankawalonjera mwaulemu wonse, kenako n'kufunsa ngati mwana wayamba kugunda.

Kuyambira sabata imeneyo, belu lisanalire, makiyi ankamveka kubwalo la mpira. Ankalizungulira kasanu, masiku ena akung'ung'udza ulendo wonse, atsikana angapo akuwatsatira m'mbuyo. Mu tiyi ankathira supuni imodzi ya shuga m'malo mwa zitatu. Mimba sinathe yonse ayi. Lamba anabwerera bowo limodzi lokha, ndipo siketi anakaipereka kwa telala kuti aikulitse, pini ija n'kuitaya. Atsikana a fomu folo asanachoke ankawakhazika pansi n'kuwauza za kuyamba ndi za kusiya komwe.

Anagwiranso ntchitoyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo palibe mtsikana amene anakwezanso malaya m'khonde lija.