Ndalama za Pageti

Amuna anga anasewerapo mpira mu ligi yaikulu ya dziko lino, ndipo kwa zaka zingapo dzina lawo linkamveka pa wayilesi pafupifupi Loweruka lililonse. Nthawi yonseyo ine ndinkagulitsa mtedza ndi nyemba mumsika wa pa boma ku Mchinji. Anthu ena ankati ndikungodzichepetsa, koma zoona zake n'zoti mtedzawo ndi umene unkatidyetsa.

Tinakwatirana chaka chimene tinayamba kuvota mwa zipani zambiri. Iwo kwawo ndi ku Mkanda, ine ndinakulira pa boma pomwepo. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo ankasewera kumbuyo, kutchinga adani, mu timu ya pa boma. Lamlungu lina kunabwera timu ya ku Lilongwe kudzasewera masewero apaubale. Mphunzitsi wa timuyo atawaona mmene ankalumphira mipira ya m'mwamba, anawatsatira mpaka kunyumba kwathu, nakhala pampando umodzi umene tinali nawo, n'kunena kuti akuwafuna.

Timuyo inali ya kampani ina ya boma. Wosewera aliyense ankalembedwa ntchito pakampanipo. Amuna anga anawaika kosungira katundu, koma ntchito yeniyeni inali mpira. Mwezi ukatha malipiro ankabwera, akapambana ankalandiranso ya pamwamba. Ine ndinatsala ku Mchinji chifukwa ku Lilongwe osewera ankagona m'nyumba imodzi ngati ana a sukulu yogonera komweko, ndipo ndinali kale ndi pakati. Iwo ankabwera Lamlungu madzulo kapena Lolemba, atanyamula shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Zaka ziwiri zoyambirirazo tinagula wayilesi, njinga ndi malata ofolerera nyumba ya apongozi ku Mkanda. Ndinkayenda mumsika mutu uli m'mwamba, sindikana.

Kenaka kampani ija inagulitsidwa. Inali nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa motsatizana, ndipo ife tinkangomva pa wayilesi osadziwa kuti nkhaniyo ifika mpaka pakhomo pathu. Eni ake atsopano ananena poyera kuti anabwera kudzachita malonda, za mpira sizikuwakhudza. Osewera onse anawachotsa ntchito. Timu inatsala m'manja mwa komiti ya masapota, anthu okonda mpira koma opanda chuma: wina wogulitsa matayala, wina mphunzitsi wa sukulu, wina wa minibasi ziwiri zothaitha.

“Tsopano azikulipirani ndani?” ndinawafunsa atabwera ndi nkhaniyi.

“Geti,” anayankha akuvula nsapato. “Anthu akalowa ambiri, tilandira. Akalowa ochepa, tigwira pakamwa.”

“Nanga malipiro a pamwezi?”

“Akuti alipo. Akungoyembekeza kuti apeze kampani ina yotithandiza.”

Kampani inayo inayembekezedwa mpaka mwana wathu woyamba anayamba sukulu.

Chovuta chinali chakuti wayilesi sinasiye kutchula dzina lawo. Wolengeza mpira akakuwa kuti achotsa mpira pamzere wa golo, Mkanda yense ankamva. M'mawa mwake alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, ankafika panjinga kudzanena za fetereza. Azakhali awo ankatumiza uthenga wa fizi ya mwana. Ngakhale kutchalitchi, pa zopereka za chitukuko, maso ankatembenukira kwa ine. Ndikanena kuti kulibe, ankandiyang'ana ngati mkazi wouma manja amene watsekereza chuma cha mwana wawo. Apongozi anandifunsapo tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde.

“Kodi mwana wanga amene akutchulidwa dziko lonse lino, ndalama zake zimapita kuti?”

“Amayi, sakulandira.”

“Ndiye akuthamangiranji?”

Funso lomwelo nanenso ndinkadzifunsa ndekha. Ndinafika poganiza kuti mwina ku Lilongwe kuli mkazi wina amene akudya ndalamazo. Maganizo amenewa ndi amene anandikweza minibasi Loweruka lina, osawauza amuna anga, kuti ndikaone ndekha. Mwana ndinamusiya kwa mayi anga. Ndinali ndisanaonepo masewero a ligi yaikulu chibadwire.

Ndinafika pabwalo dzuwa lili paliwombo. Anthu anali piringupiringu, ena atapaka nkhope utoto, ena akuimba ng'oma. Pageti panali mkangano chifukwa mtengo wa tikiti unali utakwezedwa sabata yomweyo. Abambo ena ankatukwana kuti ndalama imeneyo kunyumba ikadagula ndiwo za masiku angapo, ndipo ambiri anabwerera n'kukakwera mitengo ya kuseri kwa mpanda. Ine ndinayandikira bambo wina wonenepa amene ankang'amba matikiti.

“Pepani bambo, ine ndine mkazi wa mmodzi mwa osewera.”

Sanandiyang'ane n'komwe. “Mayi, pano aliyense ndi mkazi wa wosewera. Lipirani mulowe, mukutsekereza anzanu.”

Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kulipira. Inali ndalama ya phindu la mtedza wa sabata yathunthu, ndipo ndinalipirira malo otsika mtengo, opanda denga, okhala padzuwa. Ndikulowa ndinaona kuti bambo uja tikiti yanga sanaing'ambe. Anangoilandira n'kuipereka kwa mnzake kumbuyo, amene anaigulitsanso kwa munthu wina. Chapambali panali kageti kena kamene anthu ankalowerapo atapereka theka la mtengo m'manja mwa mlonda. Zonsezi zinkachitika masana, aliyense akuona.

Mpirawo sindinaumvetse kwenikweni. Ndinkangotsata amuna anga ndi maso. Anali ataonda kuposa mmene ankaonekera ali kunyumba, jezi ikuwakulira, koma ankathamanga ndi kudzigwetsa ngati thupilo si lawo. Nthawi ina anaphonya mpira, ndipo bambo amene anakhala pafupi nane anaimirira.

“Iwe! Ukungodya ndalama zathu zaulere! Bwerera kumudzi ukalime fodya!”

Ndinangoyang'ana pansi. Patapita kanthawi amuna anga anatchinga mpira woopsa ndi mutu, ndipo bambo yemweyo anayamba kuvina akutchula dzina lawo. Timu yawo inapambana ndi chigoli chimodzi.

Masewero atatha ndinawapeza kuseri kwa bwalo, atakhala pansi motsamira khoma pamodzi ndi anzawo, atavula jombo. Atandiona anadzidzimuka.

“Mayi a mwana, kwagwanji kunyumba?”

“Kulibe chagwa. Ndimafuna ndione kumene mumagwira ntchito.”

Anandiyang'ana kwakanthawi, ndipo ndikhulupirira anadziwa chimene chinandibweretsa. Anangosuntha n'kundipatsa malo pamthunzi. “Khalani, muone zonse. Tikudikira msungichuma.”

Tinadikira mpaka bwalo linatsala lopanda munthu. Anyamatawo sanadye kanthu chichokereni m'mawa kupatula tiyi ndi mabanzi. Wina anagona tulo pomwepo, mutu atatsamiritsa pachikwama. Dzuwa litapendeka, msungichuma wa komiti anatulukira atanyamula jumbo yakuda. Anali bambo wooneka wotopa ngati iwo omwe, thukuta lili kamukamu. Anayamba kufotokoza: eni bwalo atengapo gawo lawo, apolisi alipidwa, akuluakulu oyendetsa ligi atenga zawo, oimbira masewero alandira, timu inayo yatenga theka, ndipo wa basi imene inawanyamula mwezi watha anali pageti pomwepo kudikira ngongole yake.

“Koma bwalo linadzaza, akulu,” anatero kaputeni wa timuyo. “Tonse taona.”

“Linadzaza anthu, silinadzaze matikiti,” anayankha msungichumayo. “Ndikakuuzani zambiri, mawa andithyola miyendo anyamata a pageti aja. Landirani izi.”

Anayenda pamzere kugawa. Amuna anga anatambasula dzanja n'kundionetsa zimene analandira. Zinali zosakwana ndalama imene ine ndinawononga pa minibasi ndi pageti.

“Ndiye kuti lero ndakulipirani ndine,” ndinatero.

Anaseka pang'ono, kuseka kosafika kumtima. Tsiku limenelo tinabwerera limodzi ku Mchinji, ndipo wa minibasi ndinamulipira ine, chifukwa zawozo anasiyira mnzawo wa ku Karonga amene analibe ya chakudya. Kondakitala anawazindikira n'kuyamba kuuza minibasi yonse kuti yanyamula munthu wamkulu. Ndalama analandira ndithu, sanachotsereko ngakhale tambala.

Panjira ndinawapempha amuna anga kuti asiye mpira. Munda ku Mkanda unalipo, njinga inalipo. Iwo anati ndidikire chaka chimodzi, chifukwa panali mphekesera zoti awaitana ku timu ya dziko, ndipo amene wafika kumeneko amatha kugulidwa ndi matimu akunja. Chakacho chitatha anati china. Nthawi ina bambo wina wa malonda a zitenje amene ankadutsa pa chipata cha Mwami anawauza kuti ku Zambia matimu amalipira bwino. Anapita kukayesa mwayi, n'kubwerako patatha masabata awiri ndi nsapato zong'ambika. Anati kumeneko nako osewera akudikira msungichuma kuseri kwa bwalo.

Ku Lilongwe zinthu zinkangoipiraipira. Mwini nyumba imene osewera ankagonamo anawatulutsira katundu panja. Anyamatawo atanyanyala zokonzekera masewero kuti alandire malipiro awo, masapota anawapitira ndi miyala, kuwanena kuti ndi adyera osakonda timu. Anabwerera m'bwalo osalandira kanthu. Komiti inkasintha chaka ndi chaka, ndipo iliyonse yatsopano inkanena kuti ngongole za komiti yakale sikuzidziwa. Matikiti ankakwera, anthu pageti n'kumachepa, ndiye ankawakwezanso kuti akwanitse zolipira.

Anavulala chaka cha njala ija, imene anthu ankadya gaga ndi mizu ya nthochi. Ndinali mumsika, wayilesi ili pa benchi ya mayi wogulitsa tomato. Timu yawo inkasewera ku Blantyre, kumene anapita atakwera kumbuyo kwa lole. Ndinamva wolengeza akunena kuti agundana ndi wosewera wa timu inayo, kenaka anati sakudzuka, kenaka anati awanyamula pamachira. Atatero anapitiriza kulengeza mpira. Amayi a mumsika anandizungulira, ine ndikungoyang'ana wayilesiyo kudikira kuti atchulenso dzina lawo. Sanalitchule.

Anafika patapita masiku angapo, atatsamira phewa la mnzawo, bondo litatupa ngati dzungu. Kuchipatala cha pa boma anawathandiza mmene akanathera, koma adokotala anati mtsempha wa m'bondo waduka ndipo pakufunika opaleshoni ya akatswiri a mumzinda. Ndinapita ndekha ku Lilongwe kukaonana ndi wapampando wa komiti. Anandilandira mwaulemu kushopu yake ya matayala, anandigulira fanta, n'kundiuza kuti thumba la timu lilibe kanthu. Sindikuganiza kuti ankanama. Loweruka lotsatira masapota anayendetsa chipewa chosonkhera ndalama m'bwalo, ndipo kaputeni uja anabweretsa yekha ndalamazo ku Mchinji, zambiri zili zachitsulo.

Sizikanakwana opaleshoni, komabe zikanatifikitsa kwa katswiri wa mumzinda kuti akangowaona. Tinaziika patebulo. Nthawi imeneyo tinali ndi ana awiri, apongozi anali atasamukira kwathu chifukwa ku Mkanda nkhokwe zinali mbee, ndipo mtedza wanga unali utatha kalekale.

“Mawa mukagule chimanga,” anatero amuna anga.

“Nanga bondo?”

“Bondo likhala mmene lilili. Kagulani chimanga, mayi a mwana.”

Ndinagula thumba limodzi kwa mavenda amene ankachitenga ku Zambia panjinga. Linatifikitsa pa nthawi ya zokolola zaziwisi. Bondo linapola lokha, mokhota, ndipo mpaka lero amayenda motsimphina. Chaka chotsatira timu ija inatuluka mu ligi yaikulu, ndipo posakhalitsa inatheratu. Malipiro awo a zaka zonsezo anathera pomwepo, popeza panalibenso woti n'kumufunsa.

Tinasamukira ku Mkanda. Tinkalima chimanga ndi mtedza, fodya pang'ono mvula ikakhala bwino. Iwo sankakambanso za mpira, ndipo Loweruka masana wayilesi ankaitsekulira nyimbo za kwaya. Anthu anazolowera kuwaona ngati mlimi wina aliyense.

Chisankho china chikuyandikira, kunabwera galimoto pakhomo. Anali bambo wina amene ankafuna kuimira dera lathu ku nyumba ya malamulo, ndipo anali atakhazikitsa chikho choti matimu a m'midzi alimbirane. Ankafuna kuti amuna anga akaoneke pa masewero omaliza, akapereke chikhocho kwa opambana, achinyamata aone kuti mpira umamufikitsa munthu patali. Analonjeza kuti padzakhala kangachepe.

Galimoto itapita ndinawafunsa ngati apitadi.

“Ndipita,” anatero. “Ndikufuna ndikaone mmene akusewerera ana a masiku ano.”

Anapita panjinga, akupalasa ndi mwendo umodzi wamphamvu. Anaimirira padzuwa tsiku lonse, anthu anawaombera m'manja, dzina lawo linatchulidwa pa chimkuzamawu. Pobwera anali ndi malaya a chipani ndi botolo la fanta losatsegula, limene anapatsa ana kuti agawane. Kangachepe kaja anawauza kuti adzalandira chisankho chikadutsa.

Anakhala pakhonde n'kutambasula mwendo. Anandiuza kuti pa timu imene inagonja panali mnyamata wina wa ku Dambe wosewera kumbuyo, waluso kwambiri, ndipo masewero atatha anabwera kudzawafunsa mmene angafikire ku Lilongwe.

“Ndiye mwamuuza chiyani?”

“Ndamuuza kokwerera minibasi,” anayankha. “Akanamva china chilichonse?”

Kenaka anandipempha kuti ndiwatenthetsere madzi othowera bondo, ndipo ndinapita kukasonkha moto.