Tsiku lomwe munamva mandimu

Bambo a Tadala, lero chatha chaka chichokereni inu. Pokonza m'kabati mmawa uno ndapeza kaliwo wanu wagalasi uja, ndipo ndangokhala pansi, osadziwa kaya ndiseke kaya ndilire.

Mukukumbukira? Mankhwala a khansa atakuphani lilime, chakudya chilichonse chinkangomveka ngati pepala, ndipo munasiya kudya ine ndikuona. Adokotala atakulemberani mafuta a chamba munagwira pakamwa. "Mayi a Tadala, ine mkulu wampingo ndiyambe chamba ndi imvi zonsezi?" Ndinakuyankhani kuti mpingo ukufuna mkulu wamoyo. Kaliwo woyamba wokokera nthunzi ya mafutawo, yemwe anakupatsani mnzanu amene munkadwala naye kuchipatala cha Murdoch, anali wamtali, wolowa madzi ambiri. Nthunzi yake inkafika yozizira bwino koma yosamveka kanthu, inu n'kumati madziwo akutsuka kukoma konse. Mnzanuyo anabweranso ndi wamng'onoyu, wa khosi lalifupi, wofuna madzi pang'ono. Munakoka kamodzi pakhonde pathu ku Mirrabooka, n'kutong'ola maso. "Mandimu! Mayi a Tadala, ndikumva mandimu!" Masana omwewo munaitanitsa mpunga wa nyemba, munamaliza mbale yonse, kenako n'kudandaula kuti mchere wachepa. M'banja lathu lonse sindinasangalalepo ndi dandaulo lanu ngati tsiku limenelo.

Zikomo poika manyazi pambali kuti mukhale nafe miyezi ina ija, tikudyera pamodzi. Usani mumtendere, amuna anga. Nyemba ndimathirabe mchere womwe uja, koma wodandaula palibe.